Mapaipi 35 a pa Mbuzini: Kukumbukira Malemu Samora Machel

[NYIMBO YOTSEGULIRA: ng'oma zimveke, kenako zitsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Omvera nonse, kuyambira pa Mpingu, pa Msundwe, pa Namitete mpaka ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, yakwana nthawi ya pulogalamu ya mbiri ya dziko lino ndi ya mayiko oyandikana nalo. Nkhani ya lero ndi ya malemu Samora Moisés Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique, amene anatsogolera dzikolo pa nkhondo yapachiweniweni koma sanaone kutha kwake. Anafa usiku wa pa 19 Okutobala 1986, ndege yawo itawomba phiri m'dziko la South Africa, ndipo mpaka lero anthu ambiri a ku Mozambique amati imeneyo sinali ngozi, anachita kuphedwa.

Nkhaniyi si yakutali. Kummwera kwa dera lino kuli mapiri a Dzalanyama, ndipo mapiri amenewa ndiwo malire. Kuseri kwake ndi chigawo cha Tete, kumene kuli Achewa olankhula ngati a pa Msundwe, ovina gule yemweyu, opita nawo ku Kulamba ku Mkaika kukagwadira Kalonga Gawa Undi. Mfuti zitayamba kulira kumeneko, anthu ankathawira kwa abale awo a tsidya lino.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: A Machel anabadwa pa 29 Sepitembala 1933 ku Chilembene, m'chigawo cha Gaza, m'chigwa cha mtsinje wa Limpopo. Makolo awo anali alimi okhala ndi minda ndi ng'ombe, koma pa ulamuliro wa Apwitikizi mlimi wakuda sankasankha yekha chodzala. Boma linkakakamiza anthu kulima thonje n'kumaligula pa mtengo umene laika lokha. M'zaka za m'ma 1950 minda yachonde ya m'chigwamo inalandidwa n'kupatsidwa kwa azungu ochokera ku Portugal. Anyamata ambiri ankalowera kumigodi ya ku Joni, ulendo womwe uja azigogo ambiri a kuno anayenda pa Wenela. Mkulu wawo wa a Machel anafera kumigodi komweko.

Sukulu anayambira kumishoni ya Akatolika, kenako anakaphunzira unamwino pachipatala cha Miguel Bombarda mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. M'chipatalamo anaona namwino wakuda akulandira malipiro ochepa kuposa mzungu wogwira ntchito yofanana. Mu 1963 anasiya ntchitoyo, nazemba m'dzikomo mpaka kukafika ku Dar es Salaam, kumene analowa gulu la FRELIMO lotsogozedwa ndi a Eduardo Mondlane. Zausilikali anakaphunzira ku Algeria.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964 kumpoto kwa dzikolo, ndipo mu 1968 inafika m'chigawo cha Tete. Pa 3 Febuluwale 1969 a Mondlane anatsegula phukusi la buku limene linabwera pa positi ku Dar es Salaam. M'kati munali bomba, ndipo anafera pomwepo. Mu 1970 utsogoleri wa FRELIMO unagwera a Machel, amene panthawiyo anali kale mkulu wa asilikali a gululo. Asilikali a ku Portugal, atatopa ndi nkhondo za mu Africa, analanda boma la kwawo pa 25 Epulo 1974. Pa 7 Sepitembala chaka chomwecho mbali ziwirizi zinasainirana pangano ku Lusaka, ndipo pa 25 Juni 1975 a Machel analengeza ufulu wa Mozambique.

Dziko limene analandira linali lopanda anthu ophunzira. Pa anthu 10 alionse, 9 sankadziwa kuwerenga. Apwitikizi ambiri anachoka, ena akuwononga makina asananyamuke, ndipo madokotala otsala m'dziko lonse sankakwana 100. Apa unamwino wa a Machel unaoneka. Boma lawo linatenga zipatala ndi sukulu kuziika m'manja mwake, linatumiza magulu a katemera mpaka kumidzi yakutali, ndipo ana olowa sukulu za pulaimale anachuluka kwambiri m'zaka zochepa. Pulezidentiyo ankatulukira mwadzidzidzi m'zipatala, m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu, n'kudzudzula akuluakulu pamaso pa anthu akapeza katundu akuwola m'nkhokwe uku anthu ali pamzere kusitolo. Pamisonkhano ankayamba ndi nyimbo, khamu n'kumavomera.

Koma mbiri yawo ili ndi mbali ina imene ana asukulu ayenera kuimvanso. FRELIMO inaletsa zipani zina zonse. Inachotsa mphamvu kwa mafumu ponena kuti anali zida za atsamunda. Inasamutsa alimi kuchoka m'midzi ya makolo awo, kusiya manda ndi mitengo yawo ya zipatso, kukakhala m'midzi yaikulu yokonzedwa ndi boma. Anthu oganiziridwa kuti ndi adani ankatumizidwa kumisasa ya m'tchire la Niassa, ati kukawaphunzitsa khalidwe, ndipo ena, monga a Uria Simango ndi mayi Joana Simeão, anaphedwa popanda mlandu wozengedwa poyera. Mu 1983 anthu zikwizikwi osakhala pantchito anagwidwa m'mizinda n'kukatayidwa ku Niassa kuti akalime. Amalawi enanso anaona nkhanzazi: a Mboni za Yehova amene anathawira ku Mozambique pothawa mazunzo a kuno anabwezedwa mokakamiza mu 1975, kudzakumana ndi zomwe anathawa. Madandaulo onsewa anadzakhala nkhuni zosonkhezera nkhondo imene inatsatira.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Moto weniweniwo unayatsidwa kuchokera kunja. Mu Malichi 1976 a Machel anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith, imene lero ndi Zimbabwe, ndipo analola omenyera ufulu wa Zimbabwe kumanga misasa m'dziko lawo. Pobwezera, akazitape a Rhodesia anathandiza kukhazikitsa gulu la RENAMO. Mtsogoleri wake woyamba anali André Matsangaissa, n'chifukwa chake anthu akumidzi ankatcha zigawengazo a Matsanga. Iyeyu ataphedwa mu 1979, gululo linadzakhala m'manja mwa Afonso Dhlakama, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la South Africa ndilo linayamba kulipatsa zida ndi maphunziro.

Nkhondoyi inkamenyedwera pa anthu wamba. Zipatala zakumidzi ndi sukulu zinkatenthedwa, aphunzitsi ndi anamwino ankasakidwa, ana ankagwidwa kukawasandutsa asilikali, ndipo ena ankadulidwa makutu kapena milomo kuti otsala achite mantha. Asilikali a boma nawonso anali ndi milandu yawo. M'njira zopita kudimba ndi kuchitsime munakwiriridwa mabomba, amene ntchito yowazula inadzatha mu 2015. Pomwe nkhondo inkatha, anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi zipolopolo, njala ndi matenda.

Pofuna kupulumutsa dziko, a Machel anachita chinthu chimene anzawo ambiri mu Africa anachiona ngati kugonja. Pa 16 Malichi 1984 anakhala pansi ndi P. W. Botha, mtsogoleri wa South Africa, m'mphepete mwa mtsinje wa Nkomati n'kusainirana pangano: Mozambique isiye kusunga asilikali a ANC, gulu lolimbana ndi boma la tsankho, South Africa isiye kuthandiza RENAMO. Mozambique inachita mbali yake. Koma mu Ogasiti 1985, likulu la RENAMO ku Gorongosa litalandidwa, kunapezeka mabuku olembedwa tsiku ndi tsiku osonyeza kuti ndege za asilikali a South Africa zinkatulabe zida pangano litasainidwa kale.

Malawi anali pakatikati pa zonsezi. Katundu wa dziko lino ankadutsa pa njanji ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, ndipo pofika 1984 nkhondo inali itadula zonse ziwiri. Feteleza wobwera ndi fodya wopita zinayamba kuzungulira mtunda wautali mpaka kudoko la Durban, ndipo mtengo wa ulendowo unkathera pa mlimi wa ku Nsaru ndi ku Kabudula, pogula ndi pogulitsa pomwe. Malole ndi mabasi odutsa ku Tete kupita ku Zimbabwe ankayenda pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali, akudutsa mitembo ya magalimoto opsa m'mbali mwa msewu.

Kenako anthu anayamba kufika. Kuyambira 1986 ankaoloka malire usana ndi usiku, mayi wabereka mwana, mphika pamutu, mbuzi yatsala m'khola. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, othawa nkhondo m'Malawi anapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dera. Ku Ntcheu, ku Dedza, m'boma lino la Lilongwe ndi ku Mchinji ambiri anangomanga pakati pa midzi, mafumu n'kuwapatsa malo, popeza chilankhulo ndi mfunda zinali zimodzi. Woyenda pamsewu wa Dedza kupita ku Ntcheu, pamene msewu womwewo ndiwo malire, ankaona mbali ino misika ili piringupiringu, mbali inayo masitolo ali mabwinja, opanda madenga, makoma ali zibowo za zipolopolo. A Red Cross ankagawa ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, koma nkhuni, madzi ndi malo zinachokera kwa anthu akumudzi.

Anthu wamba ankalandirana chotero, koma maboma awiriwa sankaonana ndi diso labwino. Boma la Dr. Kamuzu Banda linali paubale ndi South Africa kuyambira 1967, ndipo a Machel ankanena kuti zigawenga za RENAMO zimabisala ndi kudutsa m'Malawi. Boma la Malawi linkakana. Pa 11 Sepitembala 1986 a Machel, a Kenneth Kaunda a ku Zambia ndi a Robert Mugabe a ku Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzaonana ndi a Banda pa nkhaniyi. Atabwerera ku Maputo, a Machel anauza atolankhani kuti ngati zinthu sizisintha atseka malire ndi Malawi ndipo aika mizinga m'malirewo. Patangotha masabata asanu ndi masiku ochepa, anali atafa.

[NYIMBO YACHISONI, IMVEKE PANG'ONO KENAKO ITSIKE]

WOULUTSA: Lamulungu pa 19 Okutobala 1986 a Machel anapita ku Mbala, kumpoto kwa Zambia, kumene iwo, a Kaunda ndi a José Eduardo dos Santos a ku Angola anakumana ndi a Mobutu Sese Seko a ku Zaire. Madzulo ananyamuka kubwerera kwawo pa ndege ya mtundu wa Tupolev 134, yoyendetsedwa ndi akatswiri a ku Soviet Union. M'ndegemo munali anthu 44.

Nthawi itangopitirira 9 koloko usiku, ndegeyo ikuyandikira Maputo, inakhotera kumanja ndi madigiri 37, kusiya njira yake. Oyendetsa anapitiriza kutsika poganiza kuti alunjika pabwalo la ndege. Kutsogolo sankaona magetsi a mzinda, ndipo anaganiza kuti magetsi azima, popeza zigawenga zinkagwetsa mapolo kawirikawiri. Belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira linalira kwa masekondi 32. Cha m'ma 9:21 ndegeyo inawomba mapiri a Lebombo pamalo otchedwa Mbuzini, itangodutsa pang'ono malire kulowa mu South Africa, pafupi ndi pamene malire a dzikolo amakumana ndi a Mozambique ndi a Swaziland, imene lero ndi Eswatini. Anthu 35 anataya miyoyo, 9 anapulumuka. Mwa omwalirawo munali nduna ya zamtengatenga a Alcântara Santos, ndi alangizi a pulezidenti a Aquino de Bragança ndi a Fernando Honwana. Boma la South Africa linadziwitsa Maputo kutacha, patapita maola ambiri.

Funso lalikulu ndi lakuti, n'chiyani chinakhotetsa ndegeyo? South Africa inakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu Cecil Margo, ndipo mu 1987 bungwelo linati olakwa anali oyendetsa ndege, amene sanatsate malamulo a katsikidwe ndipo ananyalanyaza belu lija. Akatswiri a ku Soviet Union anakana zimenezo. Iwo anati panali chida chonamizira chotumiza mafunde otsogolera ndege, chimene chinaikidwa dala kuti ndegeyo isochere. Boma la Mozambique nalonso silinavomereze lipoti la a Margo. Tsankho litatha, bungwe la choonadi ndi kuyanjanitsa anthu lotsogozedwa ndi Akibishopu Desmond Tutu linamvanso nkhaniyi, kuphatikizapo umboni wa mayi Graça Machel, mkazi wa malemuwo. Mu lipoti lake la 1998 silinagamule mbali iliyonse, koma linati pali mafunso osayankhidwa, makamaka pa za chida chonamizira chija, ndipo linapempha kuti kufufuza kupitirire.

Dzina la Malawi linalowanso m'nkhani ya imfayi. Achinyamata okwiya anaphwanya maofesi a Malawi ku Harare, ndipo patapita masiku zomwezo zinachitikira ofesi ya kazembe wa Malawi ku Maputo. Nduna yoona za kunja ya South Africa, Pik Botha, inaonetsa atolankhani mapepala amene inati anatoledwa pamalo a ngoziyo, onena kuti Mozambique ndi Zimbabwe zinkakonza zogwetsa boma la a Banda. Komabe zinthu zinatembenuka msanga. Mu Disembala 1986 Malawi ndi Mozambique zinasainirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala, ena n'kufera komweko.

A Machel anaikidwa m'manda pa 28 Okutobala 1986 ku Maputo, m'manda a ngwazi za dzikolo momwe mulinso a Mondlane. A Joaquim Chissano analowa m'malo mwawo, ndipo ndiwo anadzasainirana mtendere ndi a Dhlakama ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Chisankho cha zipani zambiri chinachitika mu 1994, ndipo othawa nkhondo anabwerera kwawo, kupatula amene anali atakwatira kapena kukwatiwa kuno.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Ulemu umene a Machel apatsidwa ndi wooneka ndi maso. Wokwera basi ya ku Joni akafika mumzinda wa Tete amaona mlatho wa Samora Machel pamtsinje wa Zambezi. Ku Harare msewu waukulu wa pakati pa mzinda ndi Samora Machel Avenue. Ku Dar es Salaam kulinso msewu wa dzina lawo, ndipo ku yunivesite ya Zambia sukulu ya madokotala a ziweto imatchedwa ndi dzina lomweli. Wochita malonda m'malire akalandira ndalama yapepala ya metical amaonapo nkhope yawo. Boma la Mozambique linatcha 2011 chaka cha Samora Machel, ndipo pa 19 Okutobala chaka chimenecho linavundukula chiboliboli chawo chachitsulo pabwalo la ufulu ku Maputo.

Chikumbutso chogwira mtima kwambiri chili pa Mbuzini penipenipo. Katswiri wa zomangamanga wa ku Mozambique, José Forjaz, anaimika paphiripo mapaipi achitsulo 35, lililonse kuimira munthu mmodzi wa omwalira aja. Mapaipiwo anawaboola mwakuti mphepo ikamawomba amalira ngati anthu ali pamaliro. Pambali pake anasungapo zidutswa za ndegeyo. A Nelson Mandela ndi a Chissano ndiwo anatsegulira malowa pa 19 Januwale 1999, patangotha miyezi 6 a Mandela atakwatira mayi Graça Machel.

Mayiko ena anadutsamo m'zotere. Ku America, pulezidenti Abraham Lincoln anatsogolera dziko lake pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ndipo anawomberedwa pa 14 Epulo 1865 akuonera sewero mumzinda wa Washington, n'kumwalira m'mawa mwake. Kumeneko wowombera anadziwika usiku womwewo, anali John Wilkes Booth, ndipo anzake a chiwembucho anazengedwa mlandu. Pomwe nyumba yaikulu yokumbukira a Lincoln inkatsegulidwa mu 1922, dziko linali likudziwa kale amene anawapha. A Mozambique anamanga zipilala yankho lisanapezeke.

Amalawi akuidziwa nkhani yotere. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Zoona zake zinadzatuluka ulamuliro utasintha mu 1994, pamene bungwe lofufuza linapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa, koma mu 1995 khoti linamasula a Banda ndi anzawo amene ankaimbidwa nawo mlanduwo. Ku Thambani kuli chipilala cha anthu anayiwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nkhani ya Mwanza dziko linauzidwa mmene anthuwo anafera, pamene pa nkhani ya Mbuzini malipoti awiri akutsutsanabe. Chaka ndi chaka pa 19 Okutobala akuluakulu a South Africa ndi a Mozambique amasonkhana paphiri lija kuyala nkhata zamaluwa, koma palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaimapo m'khoti kuyankha mlandu wa imfa ya a Machel ndi anzawo 34.

Omvera a pa Msundwe ndi madera onse ozungulira, mbali ina ya mbiriyi sinalembedwe m'mabuku, ili ndi anthu a m'midzi yanu. Alipo agogo amene anagawira alendo a kuseri kwa Dzalanyama malo omangapo, alipo madalaivala amene anayenda pamdipiti wa ku Tete, alipo asilikali opuma ntchito amene analondera njanji ya Nacala. Aphunzitsi a mbiri, aitaneni anthu amenewa kusukulu adzalankhule ndi ana, ndipo achinyamata okhala ndi mafoni ajambule mawu awo akadali moyo.

[NYIMBO YOTSEKERA]